Njira Zotsimikizika Zolepheretsera Banja Lanu Kukhazikika ku Britain

Pali mabanja ambiri olankhula Chichewa omwe akhala zaka ali motalikirana: bambo ku Leeds, mayi ndi ana ku Area 25, kapena mayi ku Manchester, mwana kwa agogo ake ku Dedza. Ena malamulo anawatsekeradi khomo, ndipo palibe chomwe akanachita. Koma alipo ena omwe mwayi anali nawo m'manja, n'kuutaya okha potsata nzeru zomwe pa nthawiyo zinkaoneka zabwino. Nzeruzo n'zodziwika, ndipo chaka ndi chaka zimagwetsa anthu atsopano. Ndaziyala pano m'ndondomeko yake, monga momwe angazitsatire munthu wofuna kuti mkazi wake, mwamuna wake, mwana kapena kholo lake asadzapeze chilolezo chokhala ku Britain mpaka kalekale, chomwe a Home Office amachitcha Indefinite Leave to Remain, kapena ILR mwachidule. Njira iliyonse payokha ndi yokwanira kuwononga zonse. Amene adzipeze ali pa imodzi mwa njirazi abwerere lero, poti ana sadikira mapepala kuti akule.

Khulupirirani za m'maluwa

Musatsegule tsamba la boma la GOV.UK, pomwe malamulo onse analembedwa ndipo kuwerenga n'kwaulere. Funsani pa gulu la WhatsApp la anthu akumudzi, ndipo mumvere kwambiri achimwene omwe anabweretsa alamu mu 2010. Iwo sakunama ayi, koma akunena za malamulo omwe anafa kalekale. Pa 9 Julayi 2012 kunabwera gawo la malamulo lotchedwa Appendix FM, lomwe linati woitana mkazi kapena mwamuna wake azilandira £18,600 pachaka. Pa 11 Epulo 2024 ndalamayo inakwera kufika pa £29,000. Pa 11 Malichi chaka chomwecho, olowa kumene ntchito yosamalira okalamba ndi odwala analetsedwa kubweretsa mabanja awo, ndipo ophunzira ambiri anali ataletsedwa kale mu Januwale. Mu Meyi 2025 boma linalengeza maganizo okweza zaka zodikira ILR kuchoka pa 5 kufika pa 10 kwa anthu ambiri, ngakhale linati okwatirana ndi nzika za Britain apitiriza kudikira zaka 5. Malamulo osinthasintha chonchi, wowamvera kwa mnzake amakhala akutsata za dzana.

Mukatopa ndi gululo, pezani dobadoba wonena kuti ali ndi munthu mkati. Mpatseni ndalama ndi pasipoti, ndipo musamufunse zomwe walemba pa fomu. Chonsecho ogwira ntchito pamalo operekera mafomu ku Lilongwe, yawo ndi kujambula nkhope, kudinda zala ndi kulandira zikalata. Ogamula ndi akuluakulu a UK Visas and Immigration (UKVI), omwe dobadobayo sanawaonepo. Ku Britain komweko, kuchita ntchito yolangiza anthu za viza popanda kuvomerezedwa ndi mlandu. Wovomerezeka ndi loya, kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, yomwe mpaka Januwale 2025 inkatchedwa OISC, ndipo dzina lake limapezeka pa mndandanda womwe aliyense angauone. Chilichonse chomwe dobadoba walemba pa fomu chimatengedwa kuti mwanena ndinu.

Mubweretseni ngati mlendo, zinazo mukaonera konko

Musayambe mwadzifunsa kuti mapepala anu, inu woitana, ndi otani. Viza ya banja ya Appendix FM ndi ya woitanidwa ndi nzika ya Britain kapena Ireland, munthu amene ali kale ndi ILR, wothawa kwawo wovomerezeka, ndi magulu ena ochepa. Amene ali pa viza ya ntchito ya Skilled Worker, banja lake limadzera khomo lina, lomwe lili ndi fomu ndi malamulo akeake. Dzazani fomu ya khomo lomwe si lanu. Akakukanani, ndalama yofunsira sibwezedwa.

Njira ya chidule ndi iyi: uzani akazi anu afunse viza ya mlendo, anene kuti akungobwera kudzacheza, akafika mudzasinthe mapepala. Viza ya mlendo imalola kukhala miyezi 6 basi, ndipo lamulo silola mlendo kusinthira ku viza ya banja ali m'dzikomo. Ayenera kubwerera kwawo n'kukafunsira kumeneko. Akapyola miyezi 6 ija ndiye kuti akukhala mozemba, saloledwa kugwira ntchito, ndipo akadzachita mwayi wokonza mapepala, kawirikawiri amaikidwa pa njira ya zaka 10 m'malo mwa 5. Mtengo wa phuma limenelo ndi zaka zina 5 zodikira, uku akulipira viza yatsopano pakatha miyezi 30 iliyonse.

Nenani kuti "ndi mwana wanga" n'kusiyira pomwepo

Kwathu mwana wa mchemwali wako ndi mwana wako. Makolo akamwalira, abale amagawana ana mwambo wa maliro ukangotha, ndipo palibe wofunsa kalata. Umenewu ndi ulemerero wathu, ndipo walera ana amasiye osawerengeka. Koma lamulo la Britain likati mwana, limatanthauza wobereka wekha kapena womutenga m'njira ya lamulo yomwe Britain imavomereza, wosakwana zaka 18 pa tsiku lofunsira, wosakwatira ndiponso wosadziimira payekha. Kalata ya anyakwawa yoti mwanayo munamulera ndinu siyokwanira. Mwana wa m'bale amaloledwa pokhapokha pali zifukwa zazikulu zedi zosonyeza kuti kumusiya kwawo n'kumusiya pa mavuto. Choncho wofuna kulephera alembetse mphwake ngati wobereka yekha, amutengere setifiketi yobadwira chaka chino, mwanayo ali kale Fomu 2. Setifiketi yolembetsedwa mochedwa imaunikidwa mosamala, ndipo bodzalo likaululika limaika chikayiko ngakhale pa ana ake enieni.

Mwana wanu weniweni naye mutha kumulepheretsa. Ngati kholo linalo lili moyo ndipo likutsala kumudzi, muyenera kusonyeza kuti udindo wonse wa mwanayo wakhala uli pa inu nokha. A Home Office safunsa kuti amamuphikira ndani. Amafunsa kuti amagamula ndani za sukulu yomwe apite, chipatala chomwe agonekedwe, mpingo womwe azipemphera ndi nyumba yomwe azikhala. Ndiye chitani chonchi: ndalama muzipatsira anzanu opita kutchuthi, osati kutumiza pa Mukuru kapena WorldRemit pomwe pamatsala lisiti. Kusukulu kulembedwe dzina la amalume ake, poti ndiwo eni mbumba, ndipo ahedi asamve n'komwe mawu anu pa foni. Mwana akadwala, agogo ndi amalume azigamula okha, inu muzimva pambuyo. Tsiku lofunsira viza mudzakhala ndi chikondi cha zaka zambiri chopanda pepala ndi limodzi lomwe lochichitira umboni. Pomaliza, dikirani kuti alembe kaye MSCE. Akakwana zaka 18 fomu isanatumizidwe, khomo limeneli latsekeka.

Lonjezani amayi kuti chaka chamawa muwatenga

Kuyambira 2012, kholo kapena agogo amaloledwa kudzakhazikika pokhapokha ukalamba, matenda kapena kulumala kwawafikitsa poti sangathe kusamba, kuvala kapena kudziphikira popanda wowathandiza, komanso chisamaliro choterocho sichingapezeke kwawo ngakhale inu mutatumiza ndalama. Mfundo yachiwiriyi ndiyo imagwetsa ambiri, chifukwa wolandira mapaundi amaonedwa kuti angathe kulipira wowasamalira ku Zomba kapena ku Chipata. Lamuloli ndi louma mtima, ndipo ku Britain komweko alipo olidandaula, koma ndi momwe lilili. Wofuna kuswa mtima wa amayi ake awauze agulitse munda ndi mbuzi, atsanzike kumpingo, iye asanawerenge mfundo ziwirizi. Akawabweretsa kudzaona zidzukulu pa viza ya mlendo, awasunge kupyola tsiku loikika. Ulendo wotsatira kudzakhala kovuta kuti apatsidwenso ngakhale ya mlendoyo.

Ukwati wanu uzidziwika kwa ankhoswe okha

Lamulo la Malawi la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wachikhalidwe. Britain nayo imavomereza ukwati womangidwa movomerezeka m'dziko lomwe unachitikira. Koma wowerenga fomu yanu sanali pa chinkhoswe. Iye amafuna setifiketi, ndi umboni woti banjalo ndi lenileni ndipo likadalipo: kuti munakumanapo maso ndi maso, mumalankhulana, mumayenderana, mumathandizana. Choncho ukwatiwo musaulembetse. Matikiti a ndege tayani, ndipo posintha foni musasunge mauthenga. Ngati munakwatirapo kale, musapite kukhoti. Ingonenani kuti banja loyambalo linatha lokha tsiku lomwe mayi uja ananyamula katundu wake. Popanda chikalata chothetsa ukwati woyamba, wachiwiriwo umakayikiridwa. Wamitala adziwenso kuti mkazi mmodzi akalowa ngati mkazi wake, wachiwiri saloledwa pomwe ukwati woyambawo ukadalipo. Otomerana ali ndi viza yawo ya miyezi 6 yoti amangire ukwati, koma pa miyeziyo wobwerayo saloledwa kugwira ntchito, ndipo siwerengedwa pa zaka 5 zija.

Bwerekani ndalama sabata yomaliza

Polowa koyamba, malipiro owerengedwa ndi a woitanayo. Zomwe mkazi kapena mwamuna amalandira ku Blantyre sizilowa m'masamu. Amene wakhala kwa bwana mmodzi miyezi 6 kapena kuposerapo amapereka ma payslip a miyezi 6, masitetimenti a kubanki a miyezi yomweyo osonyeza malipirowo akulowa, ndi kalata ya bwana yonena za udindo, malipiro ndi nthawi yomwe wagwira. Payslip ndi sitetimenti zomaliza zisakalambe kupyola masiku 28 pofika tsiku lotumiza fomu. Wofuna kulephera asiye mwezi umodzi pakati, kapena atumize masitetimenti a akaunti ina yomwe malipiro salowamo. Awonkhetsere limodzi ndalama za maganyu olandirira m'manja, opanda payslip ndi msonkho, zomwe sizidzawerengedwa. Asinthe ntchito kutatsala mwezi umodzi, osadziwa kuti akatero ayenera kusonyezanso kuti m'miyezi 12 yapitayo analandiradi £29,000.

Malipiro akaperewera, ndalama zosunga zimathandiza, koma pa masamu akeake. £16,000 yoyamba siwerengedwa, ndipo pamwamba pake pamafunika ndalama yoperewerayo itachulukitsidwa ndi 2.5. Wolandira £25,000 waperewera ndi £4,000, ndiye ayenera kukhala ndi £26,000 kubanki. Wopanda malipiro konse akufunika £88,500. Ndalamazo zikhale zanuzanu, osati ngongole, ndipo zikhale zitagona mu akaunti miyezi 6. Apa ndi pomwe kusonkherana kwathu kumatipweteka. Anzanu 10 a kumpingo aponya £2,000 aliyense Lachisanu, Lolemba mwasindikiza sitetimenti, Lachitatu ndalama zabwerera kwa eni ake. Wowerenga fomu akuona akaunti yomwe miyezi yonse imakhala ndi £300, mwadzidzidzi yatupa kufika £20,300, ndipo safunanso womufotokozera. Kuti zitheretu, lembani kuti banja la anthu 5 lizidzagona m'chipinda chimodzi chomwe mukuchita lendi kwa mnzanu mwini nyumba asakudziwa, poti nyumba yopanikizana nayo imakanitsa viza.

Dalirani Chingelezi cha ku sekondale

Malawi, Zambia ndi Zimbabwe sali pa mndandanda wa maiko omwe Britain imati anthu ake ambiri amalankhula Chingelezi, ngakhale mukhale munakhoza bwanji ku sukulu. Pamafunika mayeso a kumalo ovomerezeka: mlingo wa A1 polowa, A2 powonjezera viza, ndi B1 pofunsira ILR. Digiri yophunziridwa m'Chingelezi imatha kulowa m'malo mwa mayesowo bungwe la Ecctis likaitsimikiza. Inu tumizani setifiketi ya MSCE basi. Za chifuwa chachikulu, kayezetseni kwa dokotala wodziwana naye m'malo mwa chipatala chomwe a Home Office anavomereza, kapena kayezetseni msanga kwambiri kuti setifiketi yake, yomwe imagwira ntchito miyezi 6, ithe mphamvu fomu isanapite.

Mayina asiyeni momwe alili. Pa pasipoti pakhale dzina la bambo, pa chitupa cha unzika la agogo, pa setifiketi ya ukwati la ubatizo, ndipo chaka chobadwa chikhale chomwe munachepetsa polowa Sitandade 8 kachiwiri. Musakonzetse ku National Registration Bureau, musalembe kalata yofotokoza. Kalata za m'Chichewa zitumizeni zosamasulira. Wowerenga fomu sadziwa kuti anthu atatu a pa mapepalawo ndi munthu mmodzi.

Konzani pepala limodzi lokha

Pa fomu pali funso loti munakanidwapo viza. Yankhani kuti ayi, poti zinachitika kale ndipo pasipoti munasintha. Zidindo za zala sizisintha, ndipo Britain imagawana mbiri zoterezi ndi United States, Canada, Australia ndi New Zealand. Kukanidwa kwakale pakokha sikutseka khomo, koma kubisa ndi kumene kumatseka. N'chimodzimodzi payslip yowonjezera manambala pa kompyuta kapena kalata ya bwana amene kulibe. Chinyengo chikapezeka fomu imakanidwa, pa maviza ambiri munthu amaletsedwa kwa zaka zofika 10, ndipo mbiriyo imamutsata pa fomu iliyonse ya mtsogolo. Kalata yokukanani ikafika, ipsereni mtima n'kuiponya m'dirowa osaiwerenga. Mmenemo ndi momwe mwalembedwa chomwe chinaperewera, komanso ufulu wochita apilo, womwe umatha pa masiku 28 kwa amene ali kunja kwa Britain ndi masiku 14 kwa amene ali m'dzikomo.

Akangotsika ndege, pumulani

Viza yoyamba ndi ya miyezi 33. Isanathe muyenera kufunsira ya miyezi ina 30, kusonyezanso ndalama, nyumba, Chingelezi ndi umboni woti mukukhalira limodzi. Zaka 5 zikakwana ndi pomwe mumafunsira ILR, mutakhozanso mayeso a Life in the UK, a mafunso 24 m'mphindi 45, pomwe ofunika kukhoza ndi 18. Pa mitengo ya Epulo 2025, fomu yoyamba inali £1,938, ndalama ya zachipatala £3,105, kuwonjezera viza £1,321 ndi ya zachipatala ina £2,587.50, ndipo ILR £3,029. Zonse pamodzi zinali pafupifupi £12,000 pa munthu mmodzi wamkulu, osawerengera mayeso ndi ndege. Wofuna kulephera asasunge kalikonse, adzadzidzimuke kutatsala sabata.

Tsiku lothera viza musalilembe paliponse. Wofunsira viza yakale isanathe amatetezedwa ndi Section 3C ya Immigration Act 1971, ndipo amapitiriza kukhala ndi kugwira ntchito podikira yankho. Wochedwa ngakhale ndi tsiku limodzi chitetezo chimenecho alibe. Mabilu a magetsi, madzi ndi makalata a khonsolo akhale m'dzina la mmodzi yekha, kuti pasadzapezeke chosonyeza kuti winayo amagona m'nyumbamo. Wobwerayo afunsire Universal Credit m'dzina lake, ngakhale viza yake ikuletsa kulandira thandizo la boma. Makhadi osonyeza chilolezo, otchedwa BRP, anatha ntchito pa 31 Disembala 2024 ndipo chilolezo tsopano chimasungidwa pa intaneti. Mukatenga pasipoti yatsopano musaiike mu akaunti yanu ya UKVI, mudzakamvere pa bwalo la ndege.

Pirirani nkhanza poopa kubwezedwa

Pali amuna, ngakhalenso akazi, omwe amauza anzawo kuti "ndinakubweretsa ndine, ndikubwezanso ndine," n'kuwabisira pasipoti ndi kuwalanda malipiro. Njira yotayira zonse apa ndi kukhala chete, kumvera oti banja ndi kupirira, osauza dokotala, apolisi kapena bungwe lothandiza ozunzidwa. Pa nkhani iyi ndilankhule mosazungulira. Ngati munalowa pa viza ya banja poitanidwa ndi nzika kapena munthu wa ILR, ndipo banjalo latha chifukwa cha nkhanza, mutha kufunsira ILR nthawi yomweyo osadikira zaka 5. Palinso chilolezo cha miyezi 3 chokulolani kulandira thandizo la boma pomwe mukukonza fomuyo. Nkhanza zomwe lamulo limawerengera si kumenya kokha. Kuopseza, kutsekereza m'nyumba ndi kulanda ndalama ndi nkhanzanso. Wofedwa mwamuna kapena mkazi ali pa vizayi nayenso atha kufunsira ILR osadikira. Mwamuna wanu si Home Office, ndipo mphamvu yokuthamangitsani m'dziko alibe.

ILR ikatuluka, pitani mukamange kumudzi

ILR imatha yokha munthu akakhala kunja kwa Britain zaka zopyola 2 mosalekeza. Choncho ikangotuluka nyamukani mukayang'anire ntchito ya nyumba ku Mzuzu, mukhaleko zaka 3, mudzapeze kuti muyenera kufunsanso viza ina yobwererera, yomwe imafuna umboni woti mizu yanu ikadali ku Britain. Za unzika musaganizeko, ngakhale wokwatirana ndi nzika ya Britain amatha kufunsira akangopeza ILR, ndipo ena amadikira miyezi 12. Opani kuti mutaya unzika wa kwanu, ngakhale Zambia inalola unzika wa maiko awiri mu 2016 ndipo Malawi inasintha lamulo lake mu 2018.

Njira zonsezi zimachokera pa ganizo limodzi, loti popeza banjalo ndi lenileni, aliyense aona yekha. Wogamula za banja lanu sadzakuonani, sadzamva kulira kwa mwana pa foni, sadzafunsa ankhoswe. Chomwe ali nacho ndi mapepala omwe mwamupatsa ndi malamulo a tsiku lomwe mwatumiza fomu. Ine ndimaona kuti malamulo ena mwa awa, makamaka a £29,000 ndi a makolo okalamba, amalanga anthu olimbika ntchito chifukwa cha umphawi, ndipo ndi oyenera kuwatsutsa poyera. Koma powatsutsapo tisawathandize kutigwetsa. Werengani lamulo lomwe lilipo lero, sungani lisiti lililonse kuyambira mwezi uno, lembani masiku othera viza poonekera, ndipo pomwe pavuta lipirani mlangizi wolembetsedwa. Akumudzi nawo auzeni zoona: kuti ulendowu ndi wa zaka 5, kuti ndalama zake ndi zingati, kuti ndani angabwere ndipo ndani sangabwere. Banja louzidwa zoona limatha kusankha lokha chochita, kaya kudikira, kaya kusonkha, kaya kuyendetsa moyo kwawo komweko.